Za kwa Shikabeta zimakalembedwera kuti?

Kwa Shikabeta, m'boma la Rufunsa, anthu anawazolowera alendo onyamula mapepala a mafunso. Amabwera m'chilimwe msewu utauma, galimoto ili mbuu ndi fumbi kuchokera pamene anapatukira kusiya msewu wa Great East. Ena amatchera misampha ya nsalu zabuluu ndi zakuda kuti agwire kashembe, ena amatenga magazi pofufuza kaodzera ndi malungo, ena amazunguliza chingwe pa mitengo ya m'nkhalango n'kumalemba manambala. Amayamba kaye akaonekera kwa mfumu monga mwa mwambo, kenako amalowa m'midzi ndi womasulira. Pakapita masiku amatsanzika. Zimene amva amapita nazo, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri zimatuluka m'Chingelezi, m'magazini a akatswiri a ku London kapena ku San Francisco.

Pakati pa tsiku lotsanzika ndi tsiku limene nkhaniyo isindikizidwa pali ntchito imene anthu a m'mudzi saiona, ntchito yokhala pansi n'kulemba. Masiku ano mayunivesite ndi mabungwe amati ntchitoyi imayenda bwino anthu akachoka pa ofesi n'kukabindikira limodzi kwinakwake kwa masiku angapo. Achinyamata ambiri amaganiza kuti m'bindikiro wotere unabwera ndi laputopu. Unalipo kalekale, m'dziko lomwe lino la Zambia, ndipo wakalewo unali ndi zinthu zina zimene ife tazitaya osazindikira.

M'chaka cha 1937 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za chikhalidwe cha anthu lotchedwa Rhodes-Livingstone Institute, ku Livingstone. Woyamba kulitsogolera anali Godfrey Wilson, ndipo pambuyo pake anabwera Max Gluckman, amene analiyendetsa mpaka 1947. Gluckman sankakhulupirira kuti munthu angamvetse mudzi ali yekha. Atalandira anyamata atsopano mu 1946, sanawatumize msanga aliyense kwake. Anayamba wapita nawo kumidzi ya Alamba kufupi ndi Ndola, kumene anagona m'matenti, masana akuwerenga nyumba ndi kulemba mibadwo ya anthu, madzulo akufananiza zimene apeza. Clyde Mitchell ndi John Barnes anatulutsa lipoti la ulendowo mu 1950. Utatha ulendowo m'pamene ofufuza anabalalika: Barnes kwa Angoni a kwa Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, Mitchell kwa Ayao ku Nyasaland, Elizabeth Colson kwa Atonga. Max Marwick naye anali pakati pa Achewa kum'mawa komweko.

Chimene chimandigwira mtima pa anthu amenewa ndi nthawi. Munthu ankakhala m'mudzi chaka chathunthu kapena kupitirira, akuphunzira chilankhulo, akupita kumaliro, akumvetsera milandu pabwalo. Kenako ankaitanidwa kukakumana ndi anzake, aliyense atanyamula zimene walemba, ndipo pepala lililonse linkawerengedwa n'kusendedwa pamaso pa mwini wake. Wa kwa Ayao ankafunsa wa kwa Angoni chifukwa chake midzi ya kumeneko siigawikana monga igawikira ya kwake. Wofunsidwayo akasowa yankho ankabwerera kumudzi kukafunsanso. Ngakhale anthu a ntchito zosiyana ankalembera limodzi. Lipoti la malo ndi ulimi wa Atonga a ku Mazabuka, limene linatuluka mu 1948, analigwirira pamodzi Gluckman, katswiri wa ulimi William Allan ndi katswiri wa zomera ndi nthaka Colin Trapnell, ndi anzawo ena. Mabuku amene anabadwa m'makambirano amenewo akuwerengedwabe mpaka pano, pamene mapepala ambiri a chaka chatha aiwalika kale. Colson anakhalabe pa ubale ndi Atonga moyo wake wonse, ndipo anamwalirira ku Monze mu 2016 ali ndi zaka 99.

Koma kale limenelo linali ndi chilema chachikulu, ndipo sindingachibise pofuna kulikometsa. Inali nthawi ya atsamunda. Amene ankamasulira, amene ankadziwa kuti nkhalamba yakuti ndiyo ingafotokoze za mzere wa ufumu, amene ankalemba mafunso usiku pa nyali ya parafini, anali anthu akuda, ndipo mayina awo ankathera m'mawu othokoza a kumayambiriro kwa buku, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Mmodzi wa iwo ndi Matshakaza Blackson Lukhero, Mngoni amene anagwira ntchito ndi Barnes, ndipo pambuyo pake anadzalemba yekha za mwambo wa Nc'wala. Wolemba mbiri Lyn Schumaker, m'buku lake la 2001, anaonetsa kuti nzeru zambiri za bungwe lija zinadutsira m'manja mwa anthu ngati Lukhero. Chinanso n'chakuti mabukuwo sankabwerera kumene anachokera. Ndipo panali mitundu imene maso a ofufuza ankangoidumpha. Buku lotchuka limene Colson ndi Gluckman anakonza mu 1951 linafotokoza mitundu isanu ndi iwiri ya chigawo chino, koma Asoli, mtundu wa anthu a kwa Shikabeta, eni nthaka imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo, munalibemo.

Ufulu utabwera mu 1964, Zambia inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha zimene zinali ndi madigiri. Yunivesite ya Zambia inatsegula makomo mu 1966, n'kutenga bungwe lija, limene panthawiyi linali litasamukira kale ku Lusaka, kukhala nthambi yake yofufuza. Lero likudziwika ndi dzina loti INESOR. Zaka zimenezo ndizo ndimazikumbuka ndi mtima wolakalaka. Anthu ophunzira anali ochepa, motero ankafunana. Ku Lusaka kunali gulu la New Writers Group limene linkatulutsa magazini yake, kunali NECZAM yosindikiza mabuku a m'dziko momwemo, ndipo yunivesite inali ndi magazini monga African Social Research ndi Zango. Ophunzira a Chikwakwa Theatre ankanyamula masewero awo kupita nawo kumaboma akutali, n'kumawachita m'zilankhulo za kumeneko.

Kutsidya kwa malire, ku Chancellor College ya ku Malawi, kunabadwa Writers Group mu 1970. Kolejiyo inali ikadali ku Chichiri mu Blantyre, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Mayina a anthu amene anadutsa m'gululi ndi odziwika: Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Ken Lipenga, Anthony Nazombe, pamodzi ndi aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi James Gibbs. Ankakumana mlungu ndi mlungu. Wolemba ankawerenga ntchito yake mokweza, ndipo wophunzira wa chaka choyamba anali ndi ufulu wouza mphunzitsi wake kuti mzere wakutiwu sukumveka. Zonsezi zinkachitika pansi pa ulamuliro wa Dr Banda, bungwe loletsa mabuku lili maso, aliyense akudziwa kuti m'chipindamo mukhoza kukhala khutu la boma. Mnthali anatsekeredwa m'zaka za m'ma 1970. Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991, osazengedwa mlandu. Chipasula anaolokera ku Zambia, kumene anaphunzira ku yunivesite ndi kugwira ntchito ya ukonzi ku NECZAM. Anthu amenewa sankalandira ndi tambala yomwe chifukwa chobwera kumsonkhano. Ankabwera chifukwa kunali anzawo oti awamvere ndi kuwatsutsa.

Amene munabadwa makompyuta atafika simudziwa kuti kugawira anzako pepala limodzi inali ntchito yotani. Unkatenga stensulo, pepala lalitali lopakidwa phula, n'kulilowetsa mu taipilaita utachotsa riboni, kuti zilembo ziboole phulalo. Ukamenya mofatsa chilembo sichinkaoneka, ukamenya mwamphamvu "o" ankabooka n'kusiya dzenje. Ukalakwitsa unkapakapo mankhwala ofiirira onunkha, n'kudikira kuti aume. Kenako stensuloyo unkaikulunga pa makina a Gestetner, kuthira inki, n'kumapukusa chogwirira ndi dzanja mapepala akutuluka limodzilimodzi, zala zili bii. Munthu wodutsa m'masautso amenewa sankafulumira kutayipa chiganizo chimene sanachiganizire bwino. Ndipo wolandira pepalalo ankaliwerenga lonse, chifukwa ankadziwa thukuta limene lapitapo.

Aphunzitsi a kumidzi nawo sanasiyidwe kunja. Ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli lomwelo, kunali sukulu ya aphunzitsi kuyambira mu 1939, imene pambuyo pake inakhala malo osulirako aphunzitsi amene ali kale pa ntchito. Mphunzitsi wochokera kudera ngati la Shikabeta ankagona kumeneko milungu kapena miyezi, akudya ndi kukambirana ndi anzake a ku Mongu ndi ku Kasama. Ku Mindolo, mu Kitwe, kunali malo ophunzitsirako alembi ndi atolankhani ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'sukulu za Zambia, kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, kanatuluka m'makomiti a anthu okhala pansi n'kumatsutsana pa chilembo chimodzichimodzi. Chisoli sichinali m'gulu limenelo. N'chifukwa chake mwana wa kwa Shikabeta amayamba kuwerenga m'Chinyanja, ndipo zolembedwa m'chilankhulo cha agogo ake n'zowerengeka.

Zinthu zinayamba kutha mphamvu mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970. Pofika m'ma 1980 malaibulale anasiya kulandira magazini akunja, mapepala osindikizira anasowa, malipiro a aphunzitsi a ku yunivesite anasanduka osakwanira mwezi. Ambiri anapita ku Botswana, ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Otsala anayamba kulembera mabungwe malipoti olipidwa, amene amawerengedwa ndi wopereka ndalama yekha. Bungwe la CODESRIA ku Dakar, limene Mmalawi Thandika Mkandawire analitsogolera kuyambira 1986 mpaka 1996, linayesetsa kusonkhanitsa ofufuza a mu Africa kuti azikumanabe ndi kusindikiza okha, ndipo ambiri anapulumukira kumeneko. Koma chizolowezi chokumana mlungu uliwonse popanda wolipira chinafooka kwambiri.

Tsopano taonani m'bindikiro wa lero. Umachitikira ku loji, ku Siavonga kapena ku Chisamba, kwa anzathu a ku Malawi ku Mangochi kapena ku Salima. Nthawi zambiri ndi masiku atatu kapena asanu. M'holo muli matebulo oyalidwa nsalu zoyera, botolo la madzi pamalo pa aliyense, zingwe za magetsi zili pikitipikiti pansi. Funso loyamba la m'mawa ndi la pasiwedi ya intaneti. Wotsogolera amauza aliyense kuti anene mawu angati amene alembe tsikulo, kenako amatchera nthawi, ndipo kwa ola limodzi kapena kupitirira m'chipindamo mumangomveka kugogoda kwa zala. Ikakwana nthawi ya tiyi anthu amatuluka foni ili kukhutu. Madzulo pepala losainira alawansi limazungulira, ndipo ena amalowa m'zipinda zawo kukayankha mauthenga a kuntchito.

Zabwino zake zilipo ndipo n'zazikulu. Mphunzitsi wa ku yunivesite amene ali ndi ophunzira mazanamazana sapeza mpata wolemba ali pa ofesi. Mayi amene akaweruka amakapeza ntchito ina ikumudikira kunyumba amapindula kwambiri ndi masiku atatu a bata, ndipo amayi otere m'misonkhano yakale anali ochepa zedi. Dzina limene limakhala pamwamba pa pepala tsopano ndi Phiri, Mwanza, Banda kapena Mulenga, chinthu chimene m'badwo wa Lukhero sunachione kawirikawiri. Kuyambira mu 1998 African Journals Online yaika magazini a mu Africa pamalo amodzi pa intaneti, kuphatikizapo Malawi Medical Journal ndi Medical Journal of Zambia. Pulogalamu ya Hinari, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, inatsegulira madokotala ndi ofufuza athu magazini amene kale sakanawakwanitsa. AuthorAID yalumikiza olemba ongoyamba ndi alangizi akutali, ndipo CARTA imasonkhanitsa ophunzira a PhD ochokera m'mayunivesite angapo a mu Africa kwa milungu yathunthu, zimene zikufananako ndi kale lija. Ngakhale pa zilankhulo zathu ntchito yaoneka: bungwe la CASAS la ku Cape Town, limene panthawiyo linkatsogoleredwa ndi Kwesi Prah, linakhazika pamodzi akatswiri a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo mu 2001 anatulutsa kalembedwe kamodzi koti kagwire ntchito mbali zonse za malire.

Chimene chikusowa n'chiyani nanga? Kwathu kuli dima. Pa dima anthu onse amalowa m'munda wa munthu mmodzi, mawa lake n'kupita m'munda wa wina, ndipo aliyense amaona mmene mnzake amagwirira khasu. M'mibindikiro yambiri imene ndakhalamo, aliyense amalima munda wakewake, kungoti takhala moyandikana. Timachoka osamva chiganizo ndi chimodzi chomwe cha munthu amene tinakhala naye tebulo limodzi. Kuwerenga mokweza kunatha. Kutsutsana kunasanduka chinthu choopedwa, chifukwa wamkulu amene ungamutsutse ndi yemweyo adzasaine pepala lako lokwezedwa pa ntchito. Choncho ntchito yosenda pepala tinaisiyira munthu wosadziwika wakutali amene magazini amamutumizira, amene mwina sanapondepo mu Zambia ndipo sangadziwe ngati womasulira anamva molakwa.

Cholinga nachonso chinasintha. Kale funso linali loti kodi zimene walembazi n'zoona? Lero funso limene limamveka kwambiri ndi loti kodi zituluka m'magazini iti, ndipo ziwerengedwa mapointi angati? Kukwezedwa pa ntchito kumadalira chiwerengero cha mapepala, motero kafukufuku mmodzi amadulidwa zidutswa zitatu. Magazini ambiri otsegukira aliyense amalipiritsa wolemba. Ya Nature inkalipiritsa mayuro 9,500 pa pepala limodzi mu 2021, ndipo ngakhale ena amachotsera kapena kukhululukira olemba a m'mayiko osauka, si onse amene amayenerera. Pa mpata umenewu palowa magazini achinyengo, amene amakutumizira uthenga wokoma, kulandira ndalama, n'kusindikiza chilichonse m'masiku ochepa popanda woliunika. Ndaona achinyamata akhama akutaya malipiro a mwezi mwa njira imeneyi, ndipo zimandiwawa, chifukwa mnzawo wamkulu mmodzi yekha akanawachenjeza akanakhala kuti amakumana n'kumacheza za ntchito yawo.

Ndipo chilema chachikulu cha kale chija sitinachichize. Zolembedwa sizibwererabe kumudzi. Pepala lonena za kashembe wa ku Rufunsa lili pa intaneti, laulere, aliyense akhoza kulitsegula. Koma aliyense ameneyo ayenera kukhala ndi foni yabwino, netiweki yokwanira, bandulo, ndi Chingelezi cha akatswiri. Mlimi wa m'mbali mwa Lunsemfwa amene anaonetsa ofufuza pamene ntchentchezo zimachulukira, ndi mayi amene anafotokoza mmene m'bale wake anayambira kudwala asanamutengere kuchipatala cha ku Mpanshya, sadzamva chimene chinapezeka. Atsamunda ankapita nazo ku Oxford ndi ku Manchester. Ife timapita nazo ku Siavonga. Kwa munthu wa kwa Shikabeta kusiyana kwake n'kochepa, ndipo ife tilibe chowiringula chimene iwo akanapereka, chifukwa anthuwa ndi abale athu ndipo chilankhulo chawo sichitivuta kuchimva.

Kutayikaku sikugwera mudzi wokha. Pepala nalo limasauka. Anthu a m'deralo ndiwo angakuuze kuti mwezi umene unabwera kudzawerenga anthu ambiri anali kumadimba kapena kumtsinje, kuti mudzi umene waulemba kawiri ndi umodzi wokhala ndi mayina awiri, kuti chimene unachitcha umbuli chili ndi chifukwa chake. Palibe wounika wa ku Ulaya amene angagwire zolakwa zotere. Nduna ya mfumu ingazigwire nthawi yomweyo, itangomva zikuwerengedwa.

Pempho langa likupita kwa inu amene mumakonza mibindikiro imeneyi ku Yunivesite ya Zambia, ku Chalimbana ndi m'mabungwe ofufuza. Pa mibindikiro imene mwaikonzera ndalama chaka chino, tengani umodzi mupite nawo kumene zolembedwazo zinachokera. Ngati ndi za kwa Shikabeta, pitani kwa Shikabeta pa tchuthi cha mu Ogasiti, msewu uli wouma ndipo makalasi ali opanda ana. Pemphani chilolezo kwa mfumu, nyamulani masola ndi matenti, ndipo ndalama za loji zigule chakudya kwa alimi a komweko. Khalani milungu iwiri, osati masiku atatu. M'mawa lembani mwakachetechete monga mwazolowera, koma madzulo aliyense aimirire awerenge mokweza, wamng'ono aloledwe kufunsa wamkulu. Itanani aphunzitsi a pasukulupo ndi azaumoyo a m'deralo akhale nanu, ndipo amene anagwira nanu ntchito yeniyeni dzina lake likhale pa pepala. Tsiku lomaliza fotokozerani anthu pabwalo zimene munapeza, m'Chisoli ndi m'Chinyanja, mumve zimene akuyankheni, mukonze zolakwa musanatumize ku magazini. Pochoka siyani masamba awiri osindikizidwa m'zilankhulo zimenezo kwa mfumu, kusukulu ndi kuchipatala, kuti mwana wa giredi 7 athe kuwawerengera agogo ake.